Mwasamukira chigawo china ku America: mmene mungapezere layisensi ya PE kumeneko

Injiniya wa ku Dallas, m'chigawo cha Texas, akapeza ntchito ku Atlanta, m'chigawo cha Georgia, amalongedza zonse, mipando, ana, galimoto, ndipo ngakhale ngongole imamutsatira. Chomwe chimatsala m'mbuyo ndi layisensi yake ya PE (Professional Engineer), yomulola kudinda mapulani a uinjiniya. Ku United States kulibe layisensi ya uinjiniya ya dziko lonse. Chigawo (state) chilichonse chili ndi lamulo lakelake ndi bodi yakeyake. Wyoming ndiyo inayamba kulembetsa mainjiniya mu 1907, Montana n'kukhala yomaliza mu 1947, ndipo mpaka lero aliyense amasunga pakhomo pake. Ife okulira ku Malawi kapena ku Zambia zimatidabwitsa poyamba, poti kwathu bungwe ndi limodzi. Ukalembetsa ku Malawi Engineering Institution umagwira ntchito ku Nsanje ndi ku Chitipa komwe. Kuno chidindo cha Texas chimathera m'malire a Texas.

Ndiye chimene mukuchita ndi kupempha layisensi yachiwiri, yoyamba ija ili chikhalire. Bodi ya chigawo chatsopano imadziwa kuti anzawo anakuvomerezani kale, motero kawirikawiri sikulembetsaninso mayeso a FE (Fundamentals of Engineering, oyamba pa njira ya layisensi) ndi PE. Koma imatsegulabe mbiri yanu yonse, kuyambira pa digiri, n'kuiyeza ndi lamulo lake osati la kumene mwachokera. Anthu ambiri amakodwa pamenepa. Pa tsamba la bodi fufuzani fomu ya comity, yomwe ndi ya anthu amene ali kale ndi layisensi ya chigawo china. Ku Florida ndi ku New York amaitcha endorsement, kwina mupeza analemba reciprocity.

Werengani kaye lamulo la kumene mukupita

Musanalipire kalikonse, ndiponso musanalonjeze abwana atsopano tsiku lomwe mudzayambe kudinda mapulani, khalani pansi madzulo amodzi muwerenge lamulo la chigawocho ndi ndondomeko zomwe bodi yake imayendera. N'zotopetsa, sitikana. Mnzanu wa mu ofesi akakuuzani kuti iye zinamuyendera myaa, mufunseni komwe anatenga digiri. Ngati anaitenga konkuno pa sukulu yovomerezedwa ndi ABET, bungwe lovomereza maphunziro a uinjiniya, njira yomwe anadzera si yanu.

Onani zaka za ntchito zomwe akufuna. Zigawo zambiri zimafuna zaka zinayi za ntchito ya uinjiniya pambuyo pa digiri ya ABET, ndipo digiri ya masters kawirikawiri imawerengedwa ngati chaka chimodzi. California imasiyana ndi anzake: wa digiri ya ABET amakwanitsa ndi zaka ziwiri zokha. Choncho amene analandira PE ku California atangokwanitsa ziwirizo, akapita ku chigawo chofuna zinayi amauzidwa kuti ayambe wadikira, layisensi ili m'manja. Texas imafuna zaka zinayi kwa wa digiri yovomerezeka, koma zaka 8 kwa amene digiri yake bodi sinaiike pa mlingo umenewo.

Onaninso za mayeso. Pali zigawo zomwe zimakhululukira munthu mayeso a FE ngati wagwira ntchito zaka zambiri kapena ali ndi PhD. Ambiri mwa ife amene tinabwera kuno titakula kale tinalowera khomo limeneli. Vuto lake ndi lakuti chikhululukiro cha bodi ina sichimanga bodi inzake. Ngati kumene mukupita akufuna FE, palibe kuchitira mwina, kalembeni. Ndi mafunso 110 a pa kompyuta, amalembedwa ku malo a kampani yolembetsa mayeso ya Pearson VUE pafupifupi chaka chonse. Ine ndimaona kuti aliyense amene akadali ndi zaka zambiri zogwira ntchito angolemba FE ngakhale asanafunsidwe, chifukwa masamu a chaka choyamba cha ku yunivesite saphweka munthu akamakula, ndipo funso limeneli lidzabweranso pa kusamuka kulikonse.

Kenako nthambi ya uinjiniya. Zigawo zambiri zimangopereka PE, n'kukusiyirani udindo wosadinda zomwe simukuzidziwa. Zina, monga Nevada, Massachusetts ndi California, zimalemba nthambi pa layisensi penipeni: civil, mechanical, electrical. Ngati munalemba mayeso a mechanical koma zaka zonsezi mwakhala pa ntchito za mapaipi a madzi ndi ngalande, konzekerani kufotokoza. A zomangamanga asamale kwambiri. Ku Illinois ndi ku Hawaii, mapulani a mphamvu ya nyumba amadindidwa ndi wa layisensi ina ya Structural Engineer, yomwe ili ndi mayeso akeake, ndipo PE ya civil sikwanira. Ku California wa civil amadinda nyumba zambiri, koma zipatala ndi sukulu za boma zimafuna Structural Engineer.

Amene digiri yawo ndi ya engineering technology awerenge mosamala kuposa onse, popeza zigawo zina zimailandira ndi zaka zowonjezera pamene zina siziilandira n'komwe.

Mukapeza pokayikitsa, lemberani bodi imelo yaifupi yofotokoza digiri yanu, chaka chomwe munalemba mayeso ndi chigawo chomwe chinakupatsani layisensi. Yankho lolembedwa lisungeni. La pa foni limauluka.

Yakale isathe

Comity imaperekedwa kwa munthu amene ali ndi layisensi yamoyo, yopanda mlandu. Ngati yanu ikutha mwezi womwe mukusamuka, ilipireni, maola a maphunziro owonjezera akwaniritseni, ngakhale mukudziwa kuti ku chigawocho simudzabwererako. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Layisensi ikatha pempho lili m'njira, bodi yatsopano imaima kudikira kuti muidzutse, ndipo kudzutsa kuli ndi chindapusa chake ndi mapepala ake. Auzeninso a bodi yakale adiresi yanu yatsopano, chifukwa zigawo zambiri zimalamula kutero m'masiku owerengeka, komanso kalata yokukumbutsani kulipira ingapite ku nyumba yomwe munatulukamo.

Fayilo ya ku NCEES

NCEES ndi bungwe la mabodi onsewa, lomwe limakonza mayeso a FE ndi PE, ndipo likulu lake lili ku Greenville, South Carolina. Silipereka layisensi. Chomwe limachita n'kusunga fayilo yanu yotsimikizika, yotchedwa NCEES Record, momwe mumakhala maphunziro anu, zotsatira za mayeso, malayisensi, mbiri ya ntchito ndi mboni. Mukaimanga kamodzi mumangolamula kuti itumizidwe ku bodi yomwe mukufuna. Kuimanga n'kwaulere. Mumalipira potumiza, ndipo kutumiza koyamba kumadula kuposa kotsatira. Mabodi ena amalola kuti mutumize mapepala onse nokha popanda fayiloyi, ena salandira pempho la comity popanda iyo. Ngakhale kumene amalola, ine ndingasankhe fayilo, makamaka ngati digiri yanu inachokera kutsidya la nyanja. Kuvutitsa ofesi ya yunivesite ya kwathu kamodzi n'kokwanira.

Lowani mu akaunti yanu ya MyNCEES, yomweyo yomwe munalembetsera mayeso. Musatsegule yachiwiri. Pemphani kuti bodi iliyonse yomwe inakupatsanipo kanthu itsimikizire: yomwe inakupatsani satifiketi ya EIT (Engineer in Training) mutakhoza FE, yomwe inakupatsani PE, ndi ina iliyonse ngakhale layisensi yake inatha kalekale. Mabodi ena amalipiritsa pa chitsimikizo chimenechi. Ngati munalemba mayeso kale kwambiri, zotsatira zisanayambe kusungidwa mu akauntiyi, bodi yomwe inakulembetsani ndiyo iyenera kuzitsimikizira. Transcript ya sukulu iliyonse yomwe inakupatsani digiri ichokere kusukuluko mwachindunji. Yomwe ili m'sutikesi mwanu, ngakhale ili ndi chidindo chofiira, siiwerengedwa.

Chomwe chimadya nthawi ndi mbiri ya ntchito. Amafuna kuti mufotokoze nthawi yonse kuchokera pamene munamaliza sukulu, osasiya mpata. Miyezi yomwe munakhala pakhomo kudikira chilolezo chogwirira ntchito, chaka chomwe munkayendetsa Uber kapena kusamalira okalamba kuti mupeze ya lendi, zonsezo zilembeni monga nthawi yomwe simunali pa uinjiniya. Palibe amene akuimbeni mlandu pa zimenezo. Mpata wosafotokozedwa ndiwo umabweza fayilo.

Pa ntchito iliyonse ya uinjiniya mumalemba zinthu ziwiri: udindo wanu wa tsiku ndi tsiku, ndi zitsanzo za mapulojekiti. Apa chikhalidwe chathu chimatipweteka. Tinaleredwa kuti munthu sadzitama, ndiye timati tinamanga, tinakonza, tinayang'anira. Bodi sikupereka layisensi kwa gulu. Ikufuna kudziwa chomwe inuyo munachita ndi mutu wanu. Mukalemba kuti munali nawo pa ntchito yokonza msewu, simunanene kanthu, poti woyendetsa giredala analinso pomwepo. Lembani kuti munawerengera madzi omwe amatsika m'khwawa mvula ikagwa yambiri, munasankha kukula kwa makalavati, munayerekeza njira ziwiri n'kusankha imodzi pa chifukwa chakutichakuti, munatsatira buku la malamulo lakutilakuti. Tchulani pulojekiti, malo ake, zaka zake ndi kukula kwake. Chiganizo chilichonse chikhale cha "ndina-". Kukhala pa misonkhano, kulemba malipoti a ndalama ndi kugawa ntchito kwa anyamata ndi ntchito ndithu, koma owerenga fayilo akufunafuna kuwerengera, kupanga mapulani ndi kugamula nkhani za uinjiniya. Awonetseninso kuti udindo wanu unkakula: chaka choyamba munkawerengera zomwe mwapatsidwa, chachitatu munkaunika ntchito ya ena. Osakopera zomwe zili pa CV. CV inalembedwa kuti ikugulitseni kwa olemba ntchito, ndipo mawu ake okometsera amangokwiyitsa wowerenga wa ku bodi. A NCEES amawerenga zomwe mwalembazo, ndipo zikaperewera amakubwezerani kuti muwonjezere.

Ntchito iliyonse imatsimikiziridwa ndi amene ankakuyang'anirani, makamaka akakhala PE. Amalandira imelo yokhala ndi linki. Ngati ndi abwana anu akale a ku Lilongwe kapena ku Kitwe, ayimbireni kapena alembereni pa WhatsApp imeloyo isanapite, muwapatse moni bwinobwino, muwakumbutse zaka zomwe munali nawo ndi mapulojekiti omwe mwatchula, muwapemphe kuti ayang'anenso m'bokosi la spam. Munthu wamkulu amene simunalankhule naye zaka khumi sangadine linki yochokera ku bungwe lomwe sanalimvepo, ndipo akulondola kusatero. Ngati kampani inatsekedwa kapena abwanawo anatisiya, funafunani injiniya wina amene ankaona ntchito yanu pa nthawiyo. Ntchito yopanda wotsimikizira imalembedwa ndithu mu fayilo, koma bodi ikhoza osaiwerengera pa zaka zija. Dziwaninso kuti zaka zomwe munagwira kwathu mabodi amaziona mosiyana. Ena amaziwerenga zonse zikatsimikizika, ena amafuna kuti gawo lina likhale la pansi pa PE wa kuno. Chigawo choyamba chikakhala kuti chinaziwerenga, sindiye kuti chachiwiri chitero.

Mboni zimafunika zisanu, ndipo zitatu mwa izo zikhale ma PE a layisensi yamoyo kuno ku America. Wachibale sakhala mboni. Umboni wawo umagwira ntchito miyezi 12 yokha, choncho apempheni kumapeto, zina zonse zitakhala m'malo. Mukayamba ndi mboni kenako n'kudikira transcript miyezi yambiri, mudzabwereranso kwa anthu omwewo ndi pempho lomwelo. Amene amagwira ntchito m'mafakitale, momwe lamulo la zigawo zambiri limalola uinjiniya popanda layisensi, amavutika kupeza ma PE atatu. Ganizirani makasitomala, mainjiniya a makampani omwe munkagwira nawo pulojekiti imodzi, kapena a ku mzinda omwe ankaunika mapulani anu. Chofunika n'chakuti akudziweni pa ntchito, osati ku tchalitchi kokha.

Fayilo ikakwanira, NCEES imaika chizindikiro cha Model Law Engineer pa anthu amene ali ndi digiri ya ABET, zaka zinayi za ntchito, FE ndi PE, komanso opanda mlandu. M'zigawo zambiri pempho la munthu wotere limadutsa mofulumira, osadikira msonkhano wa bodi. Wa digiri ya kwathu kawirikawiri chizindikirochi sachilandira, ngakhale atakhala katswiri wotani. Sikukanidwa ayi, kungoti fayilo yake imawerengedwa ndi munthu tsamba ndi tsamba, ndiye aike nthawi yokwanira.

Digiri ya kwathu

Apa ndiye pagona nkhani kwa ambiri a ife. Digiri ya ku Polytechnic, ya ku UNZA, ya ku Copperbelt University kapena ya ku Eduardo Mondlane si ya ABET, ndipo mabodi ambiri amafuna kuti iunikidwe kaye. Mwina chigawo chanu choyamba chinalandira lipoti la kampani ina younika madigiri. Chachiwiri chikhoza kunena kuti chimalandira la NCEES Credentials Evaluations lokha. Funsani musanalipire aliyense.

NCEES imayeza maphunziro anu ndi muyeso wake: ma credit 32 a masamu apamwamba ndi sayansi, 48 a uinjiniya weniweni, ndi 12 a maphunziro ena monga mbiri, chuma kapena zilankhulo. Pa uinjiniya sitiperewera kawirikawiri. Timaperewera pa 12 aja, chifukwa masukulu otsata dongosolo la ku Britain amalowetsa munthu mu uinjiniya molunjika, kapena pa sayansi, ngati pa transcript palibe chemistry kapena biology yoima payokha pambali pa physics. Lipoti likanena kuti mwaperewera, musataye mtima. Ogamula ndi a bodi, osati NCEES. Ena amanyalanyaza kuperewera kwa maphunziro ena aja, ena amakuwonjezerani zaka za ntchito, ena amafuna kuti mukwaniritse. Kukwaniritsako nthawi zambiri ndi kalasi imodzi kapena awiri pa community college yapafupi, ngakhale a pa intaneti, kenako n'kupempha kuti akuunikeninso. Zigawo zina zimaona masters ya uinjiniya ya kuno ngati yotseka dzenjelo, zina ayi.

Ofunika kuchokera ku yunivesite ndi transcript, umboni wa digiri, ndi mafotokozedwe a phunziro lililonse monga linkaphunzitsidwira zaka zomwe inu munali pa sukulu. Chachitatuchi ndicho chimavuta, chifukwa silabasi ya zaka makumi awiri zapitazo imafuna munthu woti akaifukule. Zonse zichokere ku yunivesite mwachindunji. Za Chipwitikizi zimafuna kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka. Amene anaphunzira ku Poly akumbukire kuti satifiketi yawo inalembedwa University of Malawi, pamene sukulu ya ku Chichiri ija kuyambira 2021 ndi Malawi University of Business and Applied Sciences. Fotokozani zimenezi m'kalata yanu kuti wounika asadabwe poona maina awiri. Ndipo pezani m'bale kapena mnzanu wa ku Blantyre woti akafike ku ofesi ndi nambala yanu ya pa sukulu, alipire zofunika, aone kuti envulopu yanyamuka pa DHL. Nkhani ya mapepala imayenda bwino pakakhala munthu woiyendera ndi miyendo.

Yang'anani maina. Ngati pa digiri pali dzina la kwa makolo, pa pasipoti la ukwati, pa layisensi ya Texas dzina lapakati linasanduka chilembo chimodzi, tumizani mtchatho kapena chikalata chosinthira dzina iwo asanafunse. Masikunso: kwathu 03/04 ndi pa 3 Epulo, kuno ndi pa 4 Malichi.

Amene anaphunzira ku South Africa ali ndi kamwayi, poti ECSA, bungwe lolembetsa mainjiniya kumeneko, inalowa mu Washington Accord, mgwirizano wa maiko wozindikirana madigiri a uinjiniya, mu 1999, ndipo mabodi ena amalemekeza madigiri a mu mgwirizanowo, ngakhale ena amawatumizabe kokaunikidwa. Abale a ku Britain amene ali ndi CEng (Chartered Engineer) adziwe kuti mu Ogasiti 2024 NCEES ndi Engineering Council, bungwe la mainjiniya la ku Britain, anasayinirana mgwirizano wozindikirana, koma chigawo chilichonse chimasankha chokha kulowamo.

Fomu ya chigawo ndi mayeso ake

Fayilo ya NCEES simalowa m'malo mwa fomu ya bodi. Mumadzazabe fomu ya chigawocho, kulipira ndalama zake, kenako n'kulamula kuti fayilo itumizidwe. Tsatirani dongosolo lomwe bodi yanena, chifukwa ena amafuna fomu iyambe kufika, ena fayilo. Ambiri amafuna nambala ya Social Security, ena amafuna siginecha ya pamaso pa notary, ndipo Texas ndi California zimatenga zidindo za zala kuti zifufuze ngati munapalamulapo.

Pa fomu pali mafunso a milandu: ngati munamangidwapo, ngati bodi ina inakulanganipo, ngati munakanidwapo layisensi. Yankhani zoona, muike kalata yaifupi yofotokoza ndi mapepala a ku khoti. Mlandu wakale woyendetsa galimoto mutamwa, womwe munaulula nokha, mabodi amaukambirana ndipo ambiri amadutsa. Womwe munabisa iwo n'kuupeza pa zidindo za zala umasanduka mlandu wachiwiri, wa bodza, ndipo umenewo ndiwo umapha pempho. Mabodi amauzana zilango kudzera mu nkhokwe ya NCEES yotchedwa Enforcement Exchange.

Zigawo zambiri zili ndi timayeso ta malamulo ndi khalidwe, tolemba kunyumba buku lili potsegula. Texas ili ndi ake a ethics, Florida ili ndi mafunso a Laws and Rules. Amenewa ndi a tsiku limodzi, ndipo amathandiza, poti amakukakamizani kuwerenga lamulo lomwe muzigwirira ntchito.

Awiri okha ndi omwe amafuna kukonzekera kwenikweni. Wa civil wopita ku California, kaya ali ndi zaka makumi atatu pa ntchito, amalemba mayeso awiri a chigawocho: Seismic Principles, a za zivomezi, ndi Engineering Surveying, a za kuyeza malo. Si mayeso ongodutsamo. Nthawi imachepa, ndipo munthu amene wakhala akupanga mapaipi a zonyansa ku Ohio sanagwirepo masamu a chivomezi chichokereni ku sukulu. Simungawalembe bodi isanavomereze pempho lanu, choncho miyezi yodikira ija igwiritseni ntchito powerenga. Alaska nayo imafuna kuti muchite kosi yovomerezedwa ndi bodi ya uinjiniya wa kumalo ozizira kwambiri, komwe nthaka imauma gwa ndi chisanu ndipo maziko a nyumba amasuntha ikasungunuka.

Podikira

Kutalika kwa nthawi kumadalira bodi ndi fayilo yanu. Kwina antchito a mu ofesi amavomereza okha, kwina pempho limadikira msonkhano wa bodi, womwe suchitika mwezi uliwonse. Onani kalendala ya misonkhano pa tsamba lawo ndi tsiku lotsekera kulandira mapepala. Kuphonya ndi tsiku limodzi kukhoza kukuonongerani miyezi iwiri kapena itatu. Muzilowa mu akaunti yanu sabata iliyonse, chifukwa kalata yonena kuti pakusowa pepala imabwera mwakachetechete, ndipo pempho losakwanira limatsekedwa pakapita nthawi, ndalama osabwezedwa.

Pa nthawi imeneyi mukhoza kugwira ntchito, koma pansi pa PE wa chigawocho amene akuyang'anira ndi kudinda. Chidindo chanu chakale musachiike pa pulojekiti ya chigawo chatsopano, ngakhale abwana atapanikizika bwanji ndi tsiku lopereka mapulani. Samalaninso ndi zilembo za PE kumapeto kwa dzina lanu pa imelo, pa khadi ndi pa LinkedIn. M'zigawo zambiri kudzitcha PE kapena kutsatsa ntchito ya uinjiniya musanalandire layisensi ya kumeneko ndi mlandu pawokha. Njira yabwino n'kulemba poyera chigawo chomwe layisensi yanu ili, kapena kuchotsa zilembozo mpaka nkhani itatha. Zigawo zina zimapereka chilolezo chongoyembekezera, kawirikawiri cha pulojekiti imodzi, koma chimenecho mumachita kupempha, sichibwera chokha.

Layisensi si chilolezo chokhalira m'dziko. Ngati muli pa viza ya ntchito ya H-1B, kusamukira mzinda wina kuli ndi mapepala akeake a ku immigration, omwe kampani iyenera kukonza musananyamuke.

Nambala ikatuluka

Dindani ndi chidindo chatsopano, chopangidwa motsatira lamulo la chigawocho. Kukula kwake, mawu ake, malo osayina ndi kulemba tsiku, ndi mmene chidindo cha pa kompyuta chimavomerezedwera, zonsezi zimasiyana. Ogulitsa zidindo amadziwa mapangidwe a chigawo chilichonse, komabe yerekezani ndi chithunzi cha m'malamulo a bodi.

Ngati muli ndi kampani yanu, ngakhale ya munthu mmodzi, layisensi yanu sikuphimba kampaniyo. Zigawo zambiri zimafuna kuti kampani ilembetsedwe payokha ku bodi, kwina amati Certificate of Authorization, ku Texas amati firm registration, komanso ku ofesi ya Secretary of State monga kampani yochokera kunja kwa chigawo. Auzeninso a inshuwalansi ya ntchito yanu kuti mwayamba kugwira kwina.

Tsopano muli ndi makalendala awiri. Texas imafuna maola a maphunziro owonjezera, kuphatikizapo a ethics. Florida imafuna 18 pa zaka ziwiri, kuphatikizapo ola la malamulo a Florida ndi ola la ethics, ndipo malayisensi onse kumeneko amatha pa 28 Febuluwale m'zaka monga 2025 ndi 2027. New York imafuna 36 pa zaka zitatu, ndipo imasankha kwambiri omwe amaloledwa kuphunzitsa. California sifuna ngakhale ola limodzi, n'chifukwa chake ochokera kumeneko amaiwala kusunga masatifiketi mpaka bodi ina itawasankha kuti iwaunike. Kosi imodzi ikhoza kuwerengedwa m'zigawo zingapo ngati ikukwaniritsa malamulo a chilichonse, choncho sankhani makosi poyang'ana chigawo chovuta kwambiri. Mu MyNCEES muli malo aulere osungira maola ndi masatifiketi, otchedwa CPC Tracking.

Za layisensi yakale, mwina mudzafuna kuisiya kuti musamalipire kuwiri. Ine ndingati isungeni zaka zingapo, makamaka ngati ndi ya chigawo chomwe chinakuvutani kulowa, monga California, kapena ngati kampani yanu ili ndi makasitomala kumeneko. Mukatsimikiza kuti simukuifunanso, musangoileka kuti ife yokha. Funsani ngati bodi ili ndi inactive kapena retired status, kapena ilembereni kuti simudzalipiranso, kuti m'kaundula mwawo muoneke kuti munachoka mwadongosolo. Mabodi ena akamaunika pempho amafunsa chifukwa chomwe layisensi inathera. Pomaliza bwererani ku fayilo ya NCEES, muikemo layisensi yatsopanoyo ndi ntchito yatsopano, ndipo abwana amene muli nawo panopa akutsimikizireni zaka zimenezi mukadali nawo mu ofesi imodzi.